Mamita Angati Kukafika ku Nyenyezi?

Nkhani yophunzitsa yokambidwa kwa ophunzira a sekondale, aphunzitsi ndi makolo ku Kafue Estates

Ndabwera ndi katundu wochepa: tepi yoyezera ya atelala, njere imodzi ya mtedza, ndi choko. Tikamadzabalalika, zinthu zitatuzi zikhala zitatifikitsa ku nyenyezi.

Ndiyambe ndi funso limene mwana aliyense wa kuno anafunsapo: kodi ku Lusaka n'kutali bwanji? Mukafunsa kondakitala wa minibasi, akuuzani mtengo wa ulendo. Bambo amene amalawirira kuntchito m'tauni tsiku ndi tsiku anena kuti ndi ola limodzi, kapena awiri magalimoto akathithikana polowa mumzinda. Agogo amene anakula akuyenda pansi anena kuti n'kunyamuka tambala woyamba, n'kukafika dzuwa litapendeka. Akuluakulu amene anaphunzira nthawi ya atsamunda ati ndi mailosi 28. Dalaivala akayang'ana pa mita ya galimoto yake ati ndi pafupifupi makilomita 45. Mayankho asanu, msewu umodzi, ndipo palibe wanama. Aliyense wayeza ndi ndodo yake. Phunziro lathu lonse lagona pamenepa: mtunda susintha, imasintha ndi ndodo yoyezera, ndipo amene wadziwa kusintha ndodo, palibe mtunda ungamuopse, ngakhale wa kuthambo.

Kumene mita inachokera

Makolo athu ankayeza ndi thupi lawo. Panali chikhatho, panali phazi, panali mkono, kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya chala chapakati, panalinso mkwamba, munthu atatambasula manja onse awiri. Miyezo imeneyi inali yabwino chifukwa sunkaiiwala kunyumba. Vuto linkabwera pa malonda. Wogula nsalu akakhala wamtali, wogulitsa wamfupi, mkwamba wa yani ugwire ntchito? Mkangano umenewu unali paliponse padziko, ndipo ku France unafika poipa, chifukwa pafupifupi chigawo chilichonse chinali ndi miyezo yakeyake.

M'zaka za m'ma 1790 akatswiri a ku France anagwirizana zotenga muyezo pa chinthu chimene si cha mfumu iliyonse, ndicho dziko lenilenili. Anati mtunda wochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko, kudutsa mu Paris, kukafika pa ikweta, ugawidwe m'zigawo 10 miliyoni, ndipo chigawo chimodzi chitchedwe mita. Anatuma amuna awiri odziwa zakuthambo, Delambre ndi Méchain, kuti akayeze mtunda wa pakati pa Dunkirk ndi Barcelona. Ntchitoyi inawatengera kuyambira 1792 mpaka 1798, m'nthawi ya chipolowe ndi nkhondo, akukwera mapiri ndi nsanja za matchalitchi, akuyang'ana nyenyezi usiku kuti adziwe pamene aima. Analakwitsa pang'ono chabe: mita yawo inapereŵera ndi gawo limodzi la magawo asanu a milimita. Choncho mukamva kuti kuzungulira dziko lapansi ndi pafupifupi makilomita 40,000, musadabwe kuti nambalayo yaongoka bwino chotero. Anthu anachita kukonza dala.

Kwa zaka zambiri mita yeniyeni inali ndodo yachitsulo yosungidwa pafupi ndi Paris. Koma chitsulo chimafutukuka kukatentha, chikhozanso kukalika kapena kubedwa. Mu 1983 mayiko anagwirizana tanthauzo latsopano: mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda pamalo opanda mpweya m'kagawo kamodzi ka magawo 299,792,458 a sekondi. Sungani mfundo imeneyi. Tepi ya atelala ili m'dzanja langali, imene mayi anu amayezera chitenje, gwero lake ndi liwiro la kuwala. Tikafika pa nyenyezi mupeza kuti tikuyezabe ndi kuwala komweko.

Maziro atatu

Makolo muli muno mukukumbukira tsiku la 1 Januwale 2013, pamene ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu. K50,000 inasanduka K50, K1,000 inasanduka K1. Kodi amene anali ndi K50,000 m'thumba anasauka usiku umenewo? Ayi. Thumba la ufa limene akanagula dzulo lake analigulabe. Inasintha ndi ndodo yowerengera. Kusintha mamita kukhala makilomita ndi ntchito yomweyo, osasiyana ngakhale pang'ono.

Titenge mlatho wathu wa njanji pa mtsinje wa Kafue, umene unamangidwa mu 1906. Uli ndi zigawo 13 ndipo kutalika kwake ndi mamita 427. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000, ndiye tikagawa 427 ndi 1,000 tipeza makilomita 0.427. Mita imodzi ndi masentimita 100, ndiye mlathowo ndi masentimita 42,700. Mita imodzi ndi mamilimita 1,000, ndiye ndi mamilimita 427,000. Manambala 4, 2 ndi 7 ali pomwepo, kakuyendayenda ndi kadontho kokha. Ubwino wa miyezo ya mita ndi umenewu. Yerekezani ndi zimene agogo anu ankaloweza pamtima atagwira khutu: mainchi 12 mu phazi, mapazi atatu mu yadi, mayadi 1,760 mu mailo.

Lamulo ndi limodzi, ndipo ndikupemphani kuti mulilembe pachikuto cha kope lanu. Ndodo ikakula, nambala imachepa, ndiye timagawa. Ndodo ikachepa, nambala imakula, ndiye timachulukitsa. Mukamaliza samu, dzifunseni ngati yankho lili ndi nzeru. Ndinaonapo mwana atalemba kuti mlatho wa njanji ndi wa makilomita 427,000. Ndinamufunsa kuti, “Mwanawe, sitima imatenga masiku angati kuwoloka mtsinje wa Kafue?” Anaseka yekha, chifukwa mlatho wakewo unali utapitirira mwezi.

Chenjezo lina ndi la mawu atatu amene amamveka ngati pachibale: miliyoni, biliyoni, thiliyoni. Lililonse limaposa linzake ka 1,000. Masekondi miliyoni imodzi ndi masiku 11 ndi theka. Masekondi biliyoni imodzi ndi zaka pafupifupi 32. Masekondi thiliyoni imodzi ndi zaka zoposa 31,000. Amene wasokoneza mawu amenewa wasokoneza tchuthi cha masabata awiri ndi mbiri yonse ya anthu.

Tikwere m'mwamba

Tsopano tiimike msewu wathu choimirira, uloze kumwamba. Pa makilomita 100 mpweya umakhala utatsala pang'ono kutheratu, ndipo ambiri amati thambo lenileni limayambira pamenepo. Mtunda umenewu ndi ngati kuchoka pano kupitirira pang'ono Mazabuka. Chombo chachikulu chimene mumakhala akatswiri ofufuza, International Space Station, chimazungulira dziko pa makilomita pafupifupi 400. Chikamadutsa pamwamba pa madenga athu, anthu amene ali m'menemo amakhala pafupi nafe kuposa abale athu a ku Livingstone tikayeza mtunda wa pamsewu.

Mbale za wailesi yakanema zimene zili pa makoma a nyumba zambiri muno mu Estates zimayang'ana setilaiti imene ili pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Ma setilaiti a pamtunda umenewu ndi amenenso mbale yaikulu ya ku Mwembeshi inayamba kulankhula nawo mu 1974, pamene Zambia inayamba kulumikizana ndi maiko akunja kudzera kuthambo. Uthenga wa wailesi umathamanga ngati kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Kukwera ndi kutsika ndi makilomita pafupifupi 72,000. Gawani ndi 300,000, mupeza pafupifupi kota ya sekondi. N'chifukwa chake kale poimba lamya kunja, mawu a mnzako ankachedwa ngati akuyamba waganiza kaye.

Mwezi uli pa makilomita 384,400 tikatenga pakatikati, popeza nthawi zina umayandikira, nthawi zina umatalikira. M'mamita ndi 384,400,000. Bambo aja olawirira ku Lusaka amayenda makilomita 90 patsiku, kupita ndi kubwera. Akagwira ntchito masiku 240 pachaka ndiye kuti ayenda makilomita 21,600. Pakatha zaka 18 amakhala atayenda mtunda wokafika ku mwezi. Ndikukhulupirira kuti muno muli makolo amene anafika kale, ena ali pa ulendo wobwerera. Kuwala kumayenda mtunda womwewo m'sekondi imodzi ndi kagawo: 384,400 kugawa ndi 300,000 ndi 1.28.

Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, mphunzitsi wina wa sayansi, Edward Makuka Nkoloso, analengeza kuti Zambia itumiza anthu ku mwezi. Ambiri anamuseka. Patapita zaka zisanu, mu Julaye 1969, anthu a chombo cha Apollo 11 anapondadi pa mwezi, nasiyapo kalirole wapadera. Mpaka lero akatswiri amawombera kuwala kwa laser pa kaliroleyo n'kuwerenga nthawi imene kumatenga kuti kubwerere. Mwa njira imeneyi anapeza kuti mwezi ukutitalikira ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse, kutalika kwa kachala kakang'ono ka mwana. Onani mmene masentimita a pa tepi ya atelala akugwirira ntchito pa mwezi.

Dzuwa, ndodo yathu yachiwiri

Lachinayi pa 21 Juni 2001, cha m'ma 3 koloko masana, kadamsana anadetsa mzinda wa Lusaka kwa mphindi zoposa zitatu. Alendo anabwera kuchokera kumaiko akutali kudzaona. Ana inu munali musanabadwe, koma funsani makolo anu za mdima wa tsiku limenelo. Funso la masamu ndi ili: mwezi, umene m'mimba mwake ndi makilomita 3,474 okha, unaphimba bwanji dzuwa la makilomita 1,392,000? Gawani, mupeza kuti dzuwa ndi lalikulu ka 400. Koma lilinso kutali pafupifupi ka 400 kuposa mwezi. N'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula, monga mmene chala chanu chingabisire phiri mukachiika pafupi ndi diso.

Kuchokera pano kukafika ku dzuwa ndi pafupifupi makilomita 150 miliyoni. Bambo athu aja a makilomita 21,600 pachaka angafunike zaka pafupifupi 7,000. Minibasi yothamanga makilomita 80 pa ola, osaima pena paliponse, usana ndi usiku, ingatenge zaka 213. Kuwala kumatenga 150,000,000 kugawa ndi 300,000, ndiwo masekondi 500, kapena kuti mphindi 8 ndi masekondi 20. Dzuwa limene mumaothera m'mawa wa Juni ndi la mphindi 8 zapitazo.

Apa makilomita ayamba kulemera. Palibe amene amagula nyumba ndi mangwee. Choncho akatswiri anatenga mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa n'kuusandutsa ndodo, imene pa Chingerezi amati astronomical unit, mwachidule AU. Kuipeza ndodo imeneyi inali ntchito ya mibadwo. Mu 1672 Giovanni Cassini ali ku Paris ndi Jean Richer ali ku Cayenne, ku South America, anayang'ana Mars nthawi imodzi, nayerekeza zimene anaona, napeza kuti dzuwa lili pa makilomita pafupifupi 140 miliyoni. Sanaphonye patali. Koma mtundawu sukhala umodzimodzi chaka chonse: kumayambiriro kwa Januwale timakhala pa makilomita 147 miliyoni, kumayambiriro kwa Julaye pa 152 miliyoni. Musafulumire kunena kuti chisanu chathu chimachokera pamenepa, chifukwa Julaye yemweyo ku London kumakhala kukutentha. Nyengo zimabwera chifukwa dziko ndi lopendekeka. Pofuna kuti ndodo isamatalike ndi kufupika, bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linagamula mu 2012 ku Beijing kuti AU imodzi ndi mamita 149,597,870,700 ndendende.

Kusintha kwake n'kosavuta. Jupiter ali pa makilomita 778 miliyoni kuchokera ku dzuwa. Tikupita ku ndodo yaikulu, ndiye tigawa: 778 kugawa ndi 150 ndi pafupifupi 5.2 AU. Neptune ali pa 30 AU. Tikafuna makilomita tichulukitsa: 30 kuchulukitsa ndi 150 miliyoni ndi 4,500 miliyoni, kapena kuti mabiliyoni anayi ndi theka. Nthanda, imene azungu amati Venus, ili pa 0.72 AU kuchokera ku dzuwa. Manambala ang'onoang'ono ngati amenewa munthu angathe kuyenda nawo m'mutu.

Chaka cha kuwala

Tikatuluka m'mudzi wa dzuwa ndi mapulaneti ake, ngakhale AU imafupika. Apa m'pamene akatswiri anabwerera ku nzeru ya agogo aja amene anati ku Lusaka n'kunyamuka tambala woyamba. Makolo athu ankati mudzi wakuti uli pa ulendo wa masiku atatu, ndipo aliyense ankamva kuti akunena mtunda, ngakhale atchula masiku. Chaka cha kuwala chilinso chimodzimodzi. Ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'chaka chimodzi. Pa mayeso ana ambiri amagwa apa, poganiza kuti ndi nthawi chifukwa amva mawu oti chaka. Mwana woleredwa ndi agogo sayenera kugwa pa funso limeneli.

Tiyeni tichipange tokha pa bolodi, kuti musamangochilandira ngati mankhwala. Mphindi ili ndi masekondi 60, ola lili ndi mphindi 60, tsiku lili ndi maola 24, ndipo akatswiri amawerenga chaka kukhala masiku 365.25. Chulukitsani zonsezi, mupeza masekondi 31,557,600. Sekondi iliyonse kuwala kumayenda makilomita 299,792 ndi kagawo. Chulukitsaninso. Yankho ndi pafupifupi makilomita 9,460,000,000,000, ndiye kuti mathiliyoni 9.46. Popewa kutopa ndi maziro timalemba 9.46 × 10¹², kutanthauza kuti kadontho kasunthidwe malo 12 kumanja. Mukafuna mamita, onjezani maziro atatu aja: 9.46 × 10¹⁵. Mukafuna ma AU, gawani ndi 149.6 miliyoni, mupeza pafupifupi 63,240.

Nambala yomalizayi ili ndi mphatso kwa akuluakulu a mailosi. Mu mailo imodzi muli mainchi 63,360, pafupifupi chimodzimodzi ndi ma AU a m'chaka cha kuwala. Zinangochitika mwamwayi, koma n'zothandiza. Dziko likakhala pa inchi imodzi kuchokera ku dzuwa, chaka cha kuwala chikhala mailo imodzi. Ikani dzuwa pakati pa Lusaka n'kulowera msewu wa ku Kabwe. Nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri muipeza mutangopitirira mailosi anayi. Sirius, yowala koposa zonse usiku, imene ili pa zaka za kuwala 8.6, muipeza mutadutsa Six Miles, musanafike Ten Miles.

Kuyeza tsidya lina osawoloka

Wina afunsa: amene anakayeza ndani, popeza palibe anafikako? Safunsa anadya phula, ndiye funso limeneli ndilolandira. Tambasulani dzanja, muimike chala chachikulu. Tsinzinani diso lamanzere, kenako lamanja. Chala chikuoneka ngati chikudumpha. Chiyandikizeni kumaso, chidumpha kwambiri. Chitalikitseni, chidumpha pang'ono. Oyeza malo amachita zomwezi pa mtsinje wa Kafue. Amasankha mtengo wa tsidya lina, amayeza mzere m'mbali mwa gombe la tsidya lino, amayeza ngodya ziwiri kumapeto kwa mzerewo, ndipo masamu a sekondale amawapatsa kukula kwa mtsinje popanda kukumana ndi ng'ona.

Pa nyenyezi, maso athu awiri ndi malo awiri a dziko pa ulendo wake wozungulira dzuwa. Timayang'ana nyenyezi lero, n'kudzaiyang'ananso pakatha miyezi 6, dziko lili mbali ina ya dzuwa, makilomita 300 miliyoni kuchokera pamene linali. Nyenyezi yapafupi imaoneka kuti yasuntha pang'ono poyerekeza ndi zakutali. Kusuntha kwake n'kochepa zedi. Digiri imodzi ya ngodya imagawidwa m'timagawo 3,600. Kagawo kamodzi ndi ngati kuona chitsekerero cha botolo cha masentimita atatu chili pa makilomita 6. Tikaima pamalo pamene mtunda wa 1 AU ukuoneka waung'ono ngati kagawo kamodzi kameneka, ndiye kuti taima pa parsec imodzi. Parsec ndi ma AU 206,265, kapena zaka za kuwala 3.26, kapena makilomita pafupifupi mathiliyoni 31. Ndiyo ndodo imene akatswiri amagwiritsa ntchito akamalemberana okhaokha. Palibe nyenyezi ngakhale imodzi, kupatula dzuwa, imene ili pafupi kuposa parsec imodzi.

Nkhani imeneyi ili ndi mizu kum'mwera kwa Africa kuno. Thomas Henderson anayeza nyenyezi ya Alpha Centauri ali ku Cape Town mu 1832 ndi 1833. Anazengereza kulengeza zimene anapeza mpaka 1839, ndipo Friedrich Bessel wa ku Germany anamutsogolera mu 1838 ndi nyenyezi ina. Mu 1915, ku Johannesburg, Robert Innes anatulukira kanyenyezi kofiira, kosaoneka ndi maso, pafupi ndi Alpha Centauri. Kameneka ndi Proxima Centauri, mnansi wathu weniweni, pa zaka za kuwala 4.24. Tisinthe pamodzi. Kuchulukitsa ndi 9.46 kutipatsa makilomita mathiliyoni 40. Kuchulukitsa ndi 63,240 kutipatsa ma AU pafupifupi 268,000. Kugawa ndi 3.26 kutipatsa parsec 1.3. Mayankho anayi, mtunda umodzi, monga msewu wa ku Lusaka uja. Minibasi yathu ya makilomita 80 pa ola ingakafike pakatha zaka 57 miliyoni.

Mtedza pa tebulo

Tsopano njere yanga igwire ntchito. Ndiiika pano pa tebulo. M'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 9, ndipo tiyese kuti ndi dzuwa. Pa kukula kumeneku, AU imodzi ndi mita imodzi. Mmodzi wa inu abwere agwire tepi. Apa, pa mita imodzi, pali dziko lathu lonse, ndi mtsinje wa Kafue, fakitale ya feteleza, nyanja zonse ndi anthu onse, ndipo kukula kwake ndi ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mwezi uli pa mamilimita awiri ndi theka kuchokera pamenepo. Mars ali pa mita imodzi ndi theka. Jupiter, kambewu ka mpiru, ali pa mamita 5.2, cha pamzere wachitatu wa mipando. Saturn ali pa mamita 9.5. Neptune ali panja, pa mamita 30.

Chombo cha Voyager 1 chinanyamuka pa 5 Sepitembala 1977 ndipo chimathamanga makilomita 17 pa sekondi. Kuchoka pano kukafika ku Lusaka sichingathe masekondi atatu. Palibe chinthu chopangidwa ndi munthu chimene chafika kutali kuposa chimenechi. Chapitirira ma AU 160, ndipo uthenga wake umatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti utipeze. Njere yathu titaiika kumayambiriro kwa mlatho wa njanji, Voyager sichinafike ngakhale pakati pa mlathowo. Nanga kuwala? Pa chithunzi chathuchi kukuyenda mita imodzi pa mphindi 8, mamilimita awiri pa sekondi, liwiro la nkhono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tidekhe, tiitsatire nkhono yathu.

Ikakwawa chaka chathunthu idzakhala itayenda mamita 63,240, ndiwo makilomita 63. Yadutsa Chilanga, yadutsa Lusaka, yafika cha ku Ten Miles. Parsec imodzi ili pa makilomita 206, pakati pa Kabwe ndi Kapiri Mposhi. Proxima Centauri ili pa makilomita 268, kupitirira Kapiri polowera ku Ndola, ndipo ndi kanthu kakang'ono kuposa mtedza wathu. Taganizani: njere imodzi pa tebulo ku Kafue, ina kupitirira Kapiri, pakati ponsepo palibe nyenyezi ina. Pakati pa Mlalang'amba, gulu la nyenyezi limene dzuwa lathu lili m'menemo, ndi pa zaka za kuwala pafupifupi 26,000. Chulukitsani ndi 63, mupeza makilomita oposa 1.6 miliyoni. Chithunzi chathu chatuluka m'dziko, chapitirira mwezi weniweni kanayi. Mlalang'amba wina wapafupi, Andromeda, uli pa zaka za kuwala 2.5 miliyoni. Pa chithunzi chathu tikauike pa makilomita 158 miliyoni, kuseri kwa dzuwa lenileni.

Zoti mupite nazo

Pa manambala onse ndatchulawa, sungani asanu. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. AU ndi makilomita 150 miliyoni. Chaka cha kuwala ndi makilomita mathiliyoni 9.46. M'chaka cha kuwala muli ma AU pafupifupi 63,000. Parsec ndi zaka za kuwala 3.26. Zotsalazo ndi kuchulukitsa ndi kugawa, ndi lamulo lija la pachikuto cha kope.

Musaganize kuti ntchito imeneyi ndi ya ana a kwina. Ku Karoo, ku South Africa, kuli mbale 64 za MeerKAT zomvetsera kuthambo, ndipo Zambia ndi limodzi la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array. Mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa bungwe lija limene linakhazikitsa AU unachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa. Amene adzakhale pa makompyuta a mbale zimenezo ndi ana amene lero akuphunzira kusuntha kadontho popanda kuphonya.

Ndikusiyirani ntchito yakunyumba, ndipo makolo muthandizane nawo. Madzulo a Meyi, Juni kapena Julaye, kukada, tulukani panja mupenye kum'mwera. Mudzaona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndipo pambali pake ziwiri zowala zoloza mtandawo. Ziwirizi zimaoneka ngati mapasa ogona mphasa imodzi. Yowala kwambiri, imene yatalikirana ndi mtanda, ndiyo Alpha Centauri, pa zaka za kuwala pafupifupi 4.4. Inzakeyo, Beta Centauri, ili pa zaka za kuwala pafupifupi 390. Kuwala kwa yoyamba kunanyamuka inu a Giredi 12 muli ku pulayimale kapena mutangoyamba sekondale. Kwa yachiwiri kunanyamuka a Kalonga ndi a Undi akulamulira Amaravi, kulibe njanji, kulibe mlatho, mita isanabadwe. Mulowe m'nyumba, mutenge kope, musinthe mitunda iwiriyi kukhala makilomita, kenako mamita, kenako ma parsec. Pomaliza mupeze pamene Beta Centauri ingagone pa chithunzi chathu cha mtedza. Ndikuuziranitu kuti mapu a Zambia sakukwanirani, ndipo a Africa nawonso achepa. Yankho mukapatse aphunzitsi anu Lolemba.